Pakamwa pa Thalakitala

Ine chinthu chachitsulo choyenda chokha sindinachikhulupirirepo chibadwire. Njinga ndimayipatukira, chigayo ndimachiyimira patali, ngakhale wailesi ikayamba phokoso lake lija la shwee ndimayifunditsa nsalu. Ndiye taganizani mmene mtima wanga unagwera tsiku lomwe mdzukulu wanga anandiwuza kuti akufuna kugula thalakitala.

Mdzukulu wangayu timamutchula Kamphepo chifukwa kuyambira ali kamwana sakhazikika malo amodzi. Ankagwira ntchito kutauni, m'sitolo yogulitsa simenti ndi malata, koma bambo ake atatisiya anabwera kudzakhala nane. Bambo akewo ndiwo anali mwana wanga wotsala yekha. Munda womwe anasiya ndi waukulu, woti akazi awiri ndi makasu sangauthe, makamaka mmodzi mwa akaziwo akakhala ine wa mawondo olira ngati chitseko. Thalakitala yaganyu nayo imafika kwathu mbewu za anzathu zitamera kale.

"Agogo, tisanamizane," anatero Kamphepo. "Abwana andisungira malo mpaka mvula yoyamba. Ndikapeza thalakitala yomwe ndingakwanitse, ndikhala konkuno, tizilima. Ikapanda kupezeka, mundawu ndibwereketsa, ine ndibwerere kuntchito."

"Thalakitala imagubuduka, mwanawe. Imaphwanya munthu ngati dzungu."

"Ndiye ndizipita?"

"Ndanena zimenezo ine?"

Ndinali pakati pa njoka ndi moto. Chitsulocho ndinkachiwopa, koma kutsala ndekha m'nyumba ija, n'kumayankhula ndi mipando, ndinkakuwopa kuposa pamenepo.

Chilimwe chonse mwanayo anazungulira. Ina inali yodula, ina inalibe injini, ina mwini wake anasintha maganizo atawona kuti wogula ndi mkazi. Mitambo itayamba kusonkhana, panatsala imodzi yokha, ya mkulu wina wokhala kuseri kwa mapiri. Amakaniko omwe Kamphepo anawapempha kuti akayiwone, omwe aliyense amangowatchula a Sipanala, anati tinyamuke m'mamawa osadziwitsa mwini wake nthawi.

"Thalakitala yakale umayipeza isanadzuke," anatero. "Mwini wake akayamba wayitenthetsa, matenda onse amabisala."

Ine sanandiyitane. Ndinangokwera. Mwana sangapite kukakumana ndi chilombo ine n'kutsala ndikusesa pabwalo. M'kagalimoto ka a Sipanala ndinawachenjeza za mbuzi za m'mbali mwa msewu, za mlatho, za chitseko chomwe chinkagwedera, mpaka iwo anati, "Agogo, mukadabadwa mwamuna mukadakhala wapolisi wapamsewu, ndipo dziko lonse likadayenda pansi."

Tinamupeza mwini thalakitala akusamba kumaso. Anali mkulu wowonda, wa chipewa chotha m'mphepete chomwe sanachivule ngakhale posamba. Anadzidzimuka potiwona, koma anatilandira bwino n'kutitsogolera kushedi ya matabwa kuseri kwa nyumba.

Mayo ine! Ndinkayesa ndiwona chinthu chonga galimoto. Ichi chinali china. Chinali chofiira kalekale, tsopano chatuwa ngati phulusa, mphuno yayitali, maso awiri otong'oka, limodzi losweka. Matayala akumbuyo ankandifika m'khosi, ong'aluka ngati zidendene zanga. Mpando wake unali mbale yachitsulo yokhala pa sipuling'i, yopanda chotsamira, yopanda chogwira. Denga panalibe. Kumtunda kunali mpope wa utsi wovundikiridwa ndi chitini.

"Pamenepa ndiye ukhalepo iwe?" ndinatero. "Ukatsetsereka ugwera pa tayala."

Kamphepo sanandimve n'komwe. Maso ake anali atawala ngati wawona chibwenzi.

A Sipanala anayika chikhatho pa injini n'kugwedeza mutu mokhutira. Inali yozizira. Anasolola kawaya koyezera oyilo, n'kukayang'ana padzuwa.

"Oyilo watsopano uyu, madala. Mwathira liti?"

"Ndimayisamala ngati mwana."

"Sindinafunse zimenezo, koma chabwino. Tayilizani timve."

Mkuluyo anakanda pansi pa chipewa. Anati batire anayisiya kwa mnansi wake wokhala ndi magetsi, kutsidya kwa dambo, ndipo iye msana sumulola kunyamula. Kodi alendo sangathandize kukatenga? A Sipanala ndi Kamphepo anakwera kagalimoto kaja n'kupita. Ine mkuluyo anandipatsa mpando pakhonde, n'kundiyiwala. Nkhalamba yachikazi anthu amayiwona ngati mtondo, chinthu choti pomwe wachisiya uchipeza pomwepo.

Msewu uja unali utandigwedeza m'mimba, choncho ndinadzuka kukafuna chimbudzi. Kanjira kake kankadutsa kuseri kwa shedi. Ndili apo ndinamva munthu akunong'ona m'kati. Ine kusuzumira sindikana, maso ndiwo andisunga moyo mpaka lero. Ndinayika diso pampata wa matabwa.

Mkulu uja anali atakwera pa chitsa kutsogolo kwa thalakitala. Anali atatsegula kachivindikiro pamwamba pa mphuno yake, pakamwa pozungulira pali yasa. M'manja munali chipewa, tsopano chovula, ndipo m'chipewamo munali mazira. Anatenga limodzi, khwa pachitsulo, n'kulikhuthulira m'kamwamo. Linanso khwa. Linanso. Makoko ankawaponya kuseri kwa mgolo, komwe kunali kale mulu wa makoko ena akale. Atatha anatseka, n'kuyisisita mphuno ija ngati ng'ombe.

"Gwira mtima lero, nkhalamba," anatero. "Wadya. Usandichititse manyazi pamaso pa alendo."

Zoti ndimapita kuchimbudzi ndinayiwala. Ndawonapo zambiri ine, koma chitsulo chodya mazira, n'kumachonderedwa ngati munthu! Ndinabwerera pakhonde.

Pakhondepo ndinapeza mayi a pakhomopo akupeta nyemba. Ndinayesa kukhazika mawu pansi.

"Nkhuku muli nazo zambiri, amayi. Mazira ndiye simusowa."

"Mazira ati? Nkhuku zanga zimayikirira mkazi mnzanga wa m'shediyo. Ine ndimangomva kutetera."

"Moti... imadya?"

"Tsiku lililonse lomwe akufuna kuti igwire ntchito. Popanda zimenezo siyifika kumapeto kwa mzere." Atanena zimenezo anadzigwira pakamwa, n'kuyang'ana kushedi. "Ine sindinanene kanthu, agogo. Ingoyitengani. Ndatopa nayo."

Lero mazira, mawa nkhuku. Nanga nkhuku zikatha idzafuna chiyani? Zoterezi sizikhuta, zimayamba ndi zazing'ono. Ndinaganiza kuti kagalimoto kakangofika ndithamanga, ndimukoke mwana wanga, tizipita osacheuka.

Kenako ndinakumbukira mitambo. Thalakitala ina kunalibe. Ndikatsegula pakamwa, Kamphepo sagula, ndipo mvula yoyamba idzandipeza ndili ndekha, ndikutchera mabeseni pomwe denga limadontha. Ndinayamba kudzinyengerera. Nkhuku nanenso ndili nazo. Mazira ndingamayipatse ndekha, m'mawa mwanayo asanadzuke, osamuwuza. Ndikamayidyetsa bwino, mwina sidzafuna china.

Kagalimoto kanafika. Ine, amene sindinawonepo mwana atanyamula mpeni osamukuwira, ndinatseka pakamwa panga.

Anamangirira batire. Mkulu uja anakwera, anachotsa chitini pampope, anakoka ichi n'kukankha icho. Chilombocho chinabuwula, chinakhosomola, chinakhosomolanso, kenako bu-bu-bu-bu, shedi yonse kunjenjemera, fumbi kugwa kudenga, utsi wakuda tolotolo. Nkhuku zinabalalika. Ine ndinagwira mzati wa khonde.

"Yadzuka bwino nkhalamba!" anakuwa a Sipanala. "Utsi wakuda si mlandu. Woyera ndi wabuluu ndiwo timawuwopa."

Anayitulutsa pabwalo. A Sipanala anatenga chitsulo chachitali, mbali ina anayika pa injini, ina pakhutu, n'kutsinzina ngati akumva uthenga wa maliro. Anagwedeza chiwongolero uku ndi uku. Anagona chagada pansi pake. Anamuwonetsa Kamphepo zopondera mabuleki ziwiri, china cha tayala lamanja, china lamanzere, n'kumuwuza kuti akaponda chimodzi chokha ali paliwiro, thalakitala idzatembenuka ngati yaitanidwa. Kumbuyo kunali kachitsulo kozungulira mofulumira, komwe anati kakagwira nsonga ya chovala sikasiya mpaka katatha munthu. Anamangirira pulawo, anayikweza m'mwamba, n'kudikira kuti awone ngati itsike yokha. Sinatsike.

Zonsezo zinali nkhani zanga, zoti pa tsiku lina ndikadazilalikira mpaka dzuwa kulowa. Ndinangoti chete.

Kamphepo anandiyang'ana. "Agogo, mwadwala?"

"Ayi."

"Nanga bwanji? Mwamva a Sipanala akunena za kachitsulo kodya anthu, inu osayankhirapo?"

"Mwina ayikonda," anatero a Sipanala. "Ndi a msinkhu umodzi. Agogo, simunavinepo nayo iyi muli mtsikana?"

Onse awiri anaseka. Ine ndinayang'ana pansi. Mkulu wa chipewa sanaseke, ankangoyang'ana mphuno ya thalakitala yake.

Panatsala kuyiyesa m'munda. Mkuluyo anati mzere umodzi ukwanira, dizilo ndi wovuta masiku ano. A Sipanala anati ayi, ng'ombe umayidziwa itatuluka thukuta. Kamphepo anamanga bwino duku lake, anapinda siketi, n'kukwera pa mbale ija. Kuyendetsa anaphunzira pa lole ya kusitolo. Ndinamuwona ali pamwamba, wamng'ono ngati mbalame pa msana wa ng'ombe.

Inayamba kulima. Ndisaname, inkalima. Dothi lowuma lija linkatembenuka ngati phala. Anapita, anabwera, anapitanso. Pobwera ankandikupizira dzanja, mano onse pamtunda. Chimwalirire bambo ake ndinali ndisanamuwone akuseka chotero. A Sipanala anatsalira kumapeto kwa munda, atagwada, akuyeza ndi mkono kuzama kwa mzere. Ine ndinkatsatira m'mphepete, kutali pang'ono, maso ali pamphuno paja.

Dzuwa litakwera ndinawona kanthunzi. Poyamba kanali kochepa, ngati ka pa ketulo. Kenako kanakula, ndipo kulira kwa injini kunasintha, kunayamba kukhala ngati munthu wobanika. Kamphepo anayimitsa pafupi ndi pomwe ndinali, anazimitsa, n'kudumphira pansi. M'kati mwa chilombocho munkamveka kubwata.

"Yamva ludzu," anatero. "Ndione ngati madzi alimo."

Anamasula duku, analikulunga kudzanja, anaponda pa tayala lakutsogolo n'kuweramira pakamwa paja. Nkhope yake inali pamwamba penipeni pa kachivindikiro. Dzanja linagwira, linayamba kupotokola.

Sindidziwa kuti mawondo anga anapita kuti tsiku limenelo. Ndinangozindikira ndikuthamanga m'zibuma.

"Choka! Choka pakamwa pakepo! Yadya mazira imeneyo, ikufuna munthu!"

Mwanayo anadzidzimuka n'kutembenuka, phazi linaterereka, anagwera chagada m'dothi. Nthawi yomweyo phuu! Kachivindikiro kanawuluka, sindinawone komwe kanagwera. Madzi owira anatumphuka kupitirira mpope wa utsi, nthunzi kuphimba dzuwa, n'kugwa pamphuno yonse ija, chwee, pomwe panali nkhope ya mwana wanga. Ndinamugwira kolala n'kumukhwekhwereza ngati thumba. Madontho ochepa anamupeza pamkono. Ena onse anagwera pachitsulo ndi pansi.

Nthunzi itachepa tinawona zinthu zoyera, zolendewera ngati ulusi, zitamatirira pa mphuno, pa diso losweka lija, ngakhale pa chiwongolero. Fungo lake linali la kukhitchini.

A Sipanala anafika akupuma wefuwefu. Anayamba ayang'ana mkono wa Kamphepo, anawuthira madzi a m'botolo lawo, kenako anamukalipira.

"Achemwali, anakuphunzitsani ndani kutsegula rediyeta yotentha? Mukadatsala opanda khungu kumaso!" Anatola choyera chimodzi, anachifinya, anachinunkhiza. Anandiyang'ana. "Agogo, munakuwa kuti chiyani paja?"

Ndinanena zonse, za mpata wa matabwa, za chipewa, za mulu wa makoko. Ndinanenanso kuti chinthu chodyetsedwa mobisa si chinthu cholowa nacho pakhomo, ndipo kuti lero tawona tokha kuti mazira sakuyikwaniranso.

Ndinkayesa achita mantha. Iwo anangokhala pansi m'dothi momwemo, n'kugwira mutu.

"Si zamatsenga, agogo. Bola zikadakhala zamatsenga. M'menemo ndi m'thanki ya madzi oziziritsa injini. Pakakhala pothonya, anthu ochenjera amathiramo dzira. Madzi akatentha dzira limapsa, limakatseka pabowo. Imagwira kanthawi, kokwanira kuti wogula alipire n'kufika kunyumba. Koma ukamathira tsiku ndi tsiku limatseka ndi njira za madzi zomwe. Ndi zimene mwawonazi."

"Pothonya si mungawotcherere?" anafunsa Kamphepo. "Mungawotcherere, eti?"

A Sipanala anadzuka, anasololanso kawaya ka oyilo kaja. M'mawa kanatuluka ndi oyilo woyera bwino ngati uchi. Tsopano kanatuluka ndi zinthu zotuwa, ngati tiyi wothira mkaka. Anakawonetsa kwa mkulu wa chipewa, amene anali atafika mwakachetechete n'kuyima patali.

"Madzi akulowa mu oyilo, madala. Yang'aluka m'kati, mu injini mwenimweni. Mumadziwa, n'chifukwa chake munasintha oyilo. Ya mtundu uwu zitsulo zake zinasiya kupezeka ine ndisanamere ndevu."

Mkuluyo anakhala pa tayala lakutsogolo, pomwe panali pakudonthabe madzi.

"Inandilimira moyo wanga wonse," anatero. "Ana onse anaphunzira ndi iyoyi. Ogula zitsulo zakutha anabwera, amati ayidule ndi moto. Ndinati bola ipite kwa munthu woti aziyiliza."

"Ndiye munasankha ine?" anatero Kamphepo. "Abambo, mukadandiwotcha nkhope. Mukadandisiya ndi chitsulo chakufa mvula ili pakhomo."

Mkuluyo sanadzutse mutu. Akazi awo anali atayima kumpanda, lichero lili m'manja, ndipo anangoti, "Ndinkanena ine," n'kulowa m'nyumba.

Pobwerera mbuzi zinadutsa, mlatho tinawoloka, ine osanena kanthu. Kamphepo anali atagwira mkono wake wokulungidwa ndi nsalu yonyowa, akuyang'ana kunja. Kumadzulo mitambo inali itada bii.

A Sipanala atatitsitsa, ndinamutsatira mwanayo m'nyumba. Anakhala pabedi la bambo ake.

"Palibenso ina?" ndinafunsa. "Ngakhale yaing'ono? Ngakhale yopanda maso onse awiri?"

"Palibe, agogo. Mukudziwa."

"Ndiye..."

"Ndiye ndikubwerera kuntchito. Mundawu aphunzitsi a pasukulu yathuyi akhala akuwufuna, ndikawawuza mawa."

Ndinakhala pansi pakhomo pa chipinda. Pakamwa panga pomwepa, pomwe panamupulumutsa nkhope, ndi pomwe panamuchotsa pakhomo. Misozi sindinafune kuti ayiwone, choncho ndinayamba kumulangiza, poti ndi zokhazo zomwe ndimatha. Ndinati asamayende yekha kukada, asamakwere njinga zamoto, asamadye zogula m'misewu. Ndinati za ine asadandawule, anansi alipo, ndikagwa adzamva.

"Agogo, mukulankhula ngati mukutsala."

"Nanga?"

"Mukutsala ndi ndani? Munthu woti mumathamanga m'zibuma ngati mtsikana, n'kukoka munthu wamkulu ndi dzanja limodzi, ndikusiyeni kuno muziwola? Yambani kulongedza. Tikupita tonse."

Ndinamuyang'ana kukamwa kuli yasa.

"Kutauni? Ine?"

"Inuyo."

"Kuja magalimoto amayenda mbali zonse?"

"Komweko. Chipinda changa n'chachikulu, mabedi awiri akwana. Chili pamwamba, pali makwerero, koma muzolowera."

"Pamwamba pa chiyani?"

"Pa anthu ena. Pansi pamakhala banja la atelala."

"Mayo! Tizikagona pamitu pa anthu? Nanga pansi pakaboka?"

"Sipaboka. Pamwamba pathunso pamakhala ena."

Ndinagwira chitseko. Anthu pansi, anthu pamwamba, ine pakati ngati nyama ya m'chitini. Ndinafunsa kuti moto timakasonkha pati, anati palibe nkhuni, pali botolo lachitsulo la gasi, umangopotokola. Botolo la moto, m'chipinda chogona! Ndinafunsa za madzi, anati amatuluka m'khoma. Ndinafunsa ngati mawindo ali ndi zitsulo, anati sakumbuka.

"Sukumbuka? Wakhala m'nyumba yotero nthawi yonseyi, wekha, wopanda wokuyang'anira?"

"Ndekha, agogo."

Ndinadzuka. Ndinakoka sutikesi ya malemu amuna anga pansi pa bedi, ndinayipukuta fumbi, n'kuyitsegula.

"Bedi langa likakhale kukhomo," ndinatero. "Ndipo botolo limenelo ukandiwonetse tsiku lofika lomwelo, tisanavule nsapato."